Womasulira amene lamulo linamutseka pakamwa

Ku America kuli tinyumba toulutsira mawu toposa 8,000 timene lamulo silitilola kukhala ndi mawu akeake. Timatchedwa ma translator. Ntchito ya translator ndi kutchera khutu kwa wailesi yaikulu, kutenga zonse zomwe ikunena, n'kuzibwereza pa nambala ina ya FM kuti zifike kuseri kwa phiri kapena m'dera lomwe mafunde a wailesi yaikuluyo amafika atatopa. Ife amene timadyera ntchito yomasulira mawu dzina limeneli limatinyansa pang'ono, chifukwa makinawa samasulira kanthu. Chingerezi chikalowa, Chingerezi chomwecho chimatuluka. Koma mkangano wanga suli pa dzina. Uli pa kachipinda komwe kali kuseri kwa translator iliyonse, komwe kangathe kusunga chiyankhulo china chathunthu, koma malamulo a bungwe la Federal Communications Commission, FCC mwachidule, anakasiya kokhoma, kiyi n'kupatsa munthu amene sakhala m'mudzimo.

Kachipindako n'kamene akatswiri amati subcarrier. Funde la FM ndi lotakata kuposa zomwe khutu limamva. Nyimbo ndi mawu a muulutsi zimathera pa 15 kHz. Pa 19 kHz pali kalikhweru kosamveka kouza wailesi yanu kuti pali stereo, ndipo stereo yeniyeniyo imakhala mozungulira 38 kHz mpaka kukafika pa 53 kHz. Pa 57 kHz pamadutsa timalemba tija timaoneka pa wailesi ya m'galimoto, tonena dzina la siteshoni. Kuchoka pamenepo mpaka pa 99 kHz malo ndi apululu, ndipo mwini wailesi angathe kuikapo mafunde ena ang'onoang'ono, kawirikawiri pa 67 kHz ndi pa 92 kHz. Funde laling'onoli limayenda litaberekedwa kumsana kwa lalikulu, ngati khanda pa ulendo wa kuchigayo. Wailesi wamba siliona. Pamafunika wailesi yapadera yokhala ndi kachipangizo kolitsitsa kumsanako. Mawu ake ndi opyapyala, alibe stereo, sapitirira kwenikweni 5 kHz, ndipo nyimbo zimamveka ngati zikuchokera m'chitini. Koma mawu a munthu amamveka bwinobwino, ndipo nkhani, uthenga wa maliro, kapena chenjezo la chigumula sizifuna zoposa pamenepo.

FCC inayamba kulola ma subcarrier mu 1955, osati chifukwa chokonda anthu ovutika. Nthawi imeneyo FM inali mphawi. Omvera anali ochepa, otsatsa malonda ankathamangira ku AM ndi ku wailesi yakanema, ndipo eni ma FM ankapulumukira pogulitsa nyimbo zoziziritsa mtima m'masitolo, m'malesitilanti ndi m'mabasi. Za m'mabasizi zinafika mpaka ku Khothi Lalikulu mu 1952, pa mlandu wa anthu a ku Washington amene anatopa ndi kumvetseredwa wailesi mokakamizidwa pa ulendo wopita kuntchito. Anagonja, ngakhale woweruza wina, Felix Frankfurter, anadzichotsa pa mlanduwo ponena kuti iye mwini anali m'gulu la ozunzika ndi phokosolo. Subcarrier inabwera ngati njira yosamutsira malonda a nyimbozi kuseri, kuti khomo lakumaso likhale la anthu onse. Choncho kuyambira pa tsiku loyamba, kachipindaka kanamangidwa ngati boyizikota, nyumba ya kuseri yochititsa lendi.

Amene anaonetsa kuti m'boyizikota mungathe kukhala anthu ndi a ku Minnesota. Mu Januwale 1969 kunayamba Radio Talking Book, wailesi yowerengera anthu osaona nyuzipepala, magazini ndi mabuku, yodutsa pa subcarrier ya wailesi yomwe inadzakhala Minnesota Public Radio. Munthu wosaona ankapatsidwa kawailesi kotchera siteshoni imodzi yokha, n'kumamva nyuzipepala ya tsiku lomwelo, m'malo modikira kuti mdzukulu aweruke kusukulu. Maganizowa anafalikira m'zigawo zambiri za dzikolo. Pambuyo pake anabwera alendo. Ku Brooklyn, anthu ochokera ku Haiti anali ndi Radio Soleil, yoyankhula Chikiliyo pa subcarrier, ndipo timawailesi toimvera tinkagulitsidwa m'masitolo a m'dera lawo lomwelo. Chivomezi chitagwetsa Port-au-Prince pa 12 Januwale 2010, anthu anakhamukira ku wailesi imeneyi kukatchula mayina a abale awo osowa. Anthu oyankhula Chitchaina, Chirasha ndi Chiperisiya ku New York ndi ku Los Angeles anachitanso chimodzimodzi. Wailesi yomwe mneba wako wa Chingerezi sadziwa n'komwe kuti ilipo inakhala bwalo la mudzi wonse.

Tsono mu 1983 FCC inamasula malamulo. Inakuza malo mpaka pa 99 kHz paja, inachotsa zopempha chilolezo chapadera, n'kunena kuti mwini wailesi achite nawo ma subcarrier ake chilichonse chololedwa, abwereketse kwa amene wamufuna, pa mtengo womwe agwirizana. Anabwera a mapeja, a mitengo ya msika wa masheya, ndipo pambuyo pake Microsoft ndi mawotchi ake a pamkono olandira za nyengo kudzera pa FM, ntchito yomwe inatsekedwa kumayambiriro kwa 2012. Chitetezo chimodzi chokha ndicho chinatsala, ndipo chili mu ndime 73.593: wailesi ya zamaphunziro yosachita malonda ikafuna kupanga ndalama ndi subcarrier yake, isatero mopweteka ntchito yowerengera osaona, yomwe ilipo kale kapena yomwe ingadzakhalepo. Ndi lamulo labwino, koma taonani kuchepa kwake. Silikhudza mawailesi a malonda, omwe ndiwo ambiri. Silikakamiza aliyense kutsegula subcarrier. Amene waitseka n'kukhala phee sanalakwe. Ndipo silitchula chiyankhulo ngakhale chimodzi. Gogo wosaona wa ku Minnesota lamulo limamudziwa. Gogo wa Chisomali wokhala msewu womwewo, amene maso ali nawo koma Chingerezi cha pa wailesi chimangomudutsa, lamulo silimudziwa.

Wobwereka subcarrier ndi mlendo weniweni, ndipo akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mtengo palibe amauyang'anira. Mwini wailesi ali ndi ufulu wokana chilichonse chomwe sanachikonde, ndipo ndime 73.295 imamulamula kuti ulamulirowo asautaye. Wailesi ikagulitsidwa, kapena mwini watsopano akaona kuti malowo angamupindulire mwanjira ina, wobwereka amatsala ndi omvera zikwi ogwira timawailesi tomwe sitigwiranso kanthu. Pangano la lendi silitumizidwa ku FCC. Limangosungidwa kuti akuluakulu akalifuna alione. Bungweli silisunga n'komwe kaundula wa mawailesi amene akugwiritsa ntchito ma subcarrier. Dziko limene limawerenga mlongoti uliwonse ndi kutalika kwake silidziwa kuti ndi ziyankhulo zingati zomwe zikuyenda kumsana kwa mafunde ake. Kusadziwa kotereku si ngozi. Chinthu chimene boma lasankha kusawerenga, lasankhanso kusachiteteza.

Tifike tsopano pa translator. Malamulo a ma subcarrier ali mu Gawo 73, lolembedwera mawailesi akuluakulu. Ma translator ali mu Gawo 74, ndipo anakhazikitsidwa mu 1970 ndi cholinga chimodzi: kubwereza. Mphamvu yawo sipitirira mawati 250. Ndi a m'kalasi yachiwiri, kutanthauza kuti akasokoneza wailesi yaikulu ayenera kukonza kapena kuzima. Ndime 74.1231 imandandalika zomwe translator ingayambitse payokha, ndipo mndandandawo ndi waufupi moti mungauloweze pamtima. Masekondi 30 pa ola opemphera kapena kuthokozera thandizo la ndalama. Chenjezo la ngozi yomwe yayandikira. Ndiponso, kwa translator yobwereza wailesi ya AM yamasana okha, mapulogalamu a usiku pamene mayi wakeyo wagona. Basi. Werengani kawiri, simupezamo mawu olola mwini translator kuika pulogalamu yatsopano pa 67 kHz n'kuibwereketsa kwa anthu a m'dera lake. Ndime yomweyo imawonjezera kuti zotuluka pa translator zikhale zolandiridwa mwachindunji ndi anthu wamba. Loya aliyense wosamala adzauza mwini translator kuti asayerekeze.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Ngati wailesi yaikulu ili ndi subcarrier, translator ingathe kuidutsitsa monga momwe yaipezera. Ngati ilibe, kachipinda ka translator kamakhala kopanda munthu. Wopereka lendi ndi mwini wailesi yaikulu, amene mwina ali kutali makilomita mazanamazana, ndipo wobwereka ayenera kulipirira dera lonse la wailesi yaikuluyo ngakhale anthu ake ali m'misewu khumi yokha. Gulu la anthu a ku Ethiopia kapena a ku Congo lomwe likanakwanitsa lendi ya kamlongoti ka pamwamba pa nyumba ya m'dera lawo limauzidwa kuti likagule mzinda wathunthu kapena likhale chete.

Chopweteka kwambiri ndi ma translator a AM. Kuyambira mu 2009 FCC inalola mawailesi a AM kudzibwereza pa FM, ndipo pakati pa 2016 ndi 2018 inatsegula makomo apadera kuti apeze ma translator, mpaka kulola ena kusamutsa translator kuchokera pa mtunda wa mamailosi 250. AM ilibe subcarrier ya 67 kHz kapena 92 kHz yoti ibwerezedwe. Funde la FM la translator yotere limapangidwa pamalo pomwepo, ndipo kumsana kwake kulibe mwana. Awa ndi malo a anthu onse, pakati pa mizinda yodzaza ndi ziyankhulo, ongokhala osagwira ntchito usana ndi usiku chifukwa cha mfundo yakuti wobwereza asayambitse kanthu.

Mfundoyi ili ndi chifukwa chake, ndipo sindikuinyoza. FCC inkaopa kuti ma translator akaloledwa kuyankhula okha adzasanduka mawailesi otchipa opikisana ndi mawailesi a m'deralo amene ali ndi udindo wolemera kwa anthu. N'chifukwa chake mu 1990 inakhwimitsa malamulo, n'kuletsa wailesi ya malonda kukhala mwini kapena kulipirira translator yomwe ili kunja kwa dera lake. Zikanakhala kuti mfundoyi imagwira aliyense mofanana, ndikanangoti ndi lamulo louma koma lachilungamo. Koma taonani amene akhala akuilumpha.

Mawailesi osachita malonda amaloledwa kudyetsa ma translator awo kudzera pa setilaiti m'chigawo cha pansi cha FM, kuyambira pa 88 mpaka pa 92 MHz. Mwa njira imeneyi mabungwe achipembedzo anamanga maukonde a dziko lonse, pulogalamu imodzi yochokera ku California kapena ku Idaho n'kumamveka m'timatauni tomwe muulutsiyo sanapondemo. FCC itatsegula khomo la ma translator mu 2003 inalandira mapempho oposa 13,000, zikwi zingapo mwa iwo zochokera ku mabungwe awiri a ku Twin Falls, Radio Assist Ministry ndi Edgewater Broadcasting, ndipo zilolezo zambiri zinadzagulitsidwa kwa ena. Kenako kunabwera chinyengo chololedwa cha HD Radio. Kampani yaikulu imaika pulogalamu yatsopano pa njira yake yachiwiri ya digito, HD2, yomwe anthu ochepa okha ndiwo amaimvera, kenako n'kuuza translator kuti ibwereze HD2 imeneyo. Pa pepala translator ikungobwereza. M'galimoto mwa munthu, yabadwa siteshoni yatsopano, yokhala ndi dzina lake ndi malonda ake. Ndipo popeza ma translator sawerengedwa pa malire a umwini, kampani yomwe lamulo limati isapitirire mawailesi 8 mumzinda waukulu imangowonjezera ena kudzera pawindo. Mu 2024 FCC inapitanso patsogolo: inalola ma booster, abale ake a translator amene amabwereza pa nambala yomweyo ya wailesi yaikulu, kuyambitsa zawozawo kwa mphindi 3 pa ola, kuti otsatsa malonda athe kulunjika dera limodzi la mzinda.

Ndiye kuti wobwereza angathe kuyankhula ngati akugulitsa matayala. Angathe kuyankhula usiku wonse ngati akupulumutsa bizinesi ya AM. Angathe kudzitcha siteshoni yatsopano ngati mwini wake ali ndi ndalama zogulira makina a HD. Koma kunong'ona Chiamhariki pa funde lomwe wailesi wamba singalimve n'komwe, lomwe silingalande womvera mmodzi kwa aliyense, pamenepo ndiye mfundo ya 1970 imadzuka n'kuvala mkanjo. Chakomera mbuzi kugunda galu.

Anthu akatsekeredwa khomo amalowera pena. Ku Flatbush, ku Bronx, ku Boston ndi ku Miami kwakhala mawailesi ambirimbiri opanda chilolezo, oyankhula Chikiliyo, Chisipanishi ndi Chingerezi cha ku Caribbean, milongoti yawo itabisika pa madenga a nyumba zosanjikizana. Sindikuwayeretsa. Ena amasokoneza mawailesi ovomerezeka, ndipo wailesi yopanda chilolezo siili m'ndondomeko ya machenjezo a boma. Koma yankho la boma lakhala chikwapu chokha. Lamulo la PIRATE Act la mu Januwale 2020 linakweza chindapusa kufika pa madola 100,000 pa tsiku, mpaka 2 miliyoni. Mu 2023 FCC inagamula chindapusa choposa madola 2 miliyoni pa Radio Impacto 2 ya ku Queens, yomwe inkatumikira anthu ochokera ku Ecuador. Boma limene lili ndi mphamvu yosaka mlongoti pa denga lililonse lilibe mphamvu yolemba chiganizo chimodzi chotsegula zipinda zomwe zili kale zopanda anthu. Ife a kuno tisadabwe kwambiri. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968 ndipo chinabwerera mu 1994. Kumeneko chinali chigamulo cha chipani, cholengezedwa poyera. Ku America malamulo a ma translator amenewa saletsa chiyankhulo chilichonse. Anangokonza malamulo mwakuti wopanda chuma asapeze poyankhulira, ndipo palibe amene ungamuloze chala.

Ndikudziwa zomwe otsutsa anganene, ndipo choyamba ndi champhamvu: subcarrier ndi ukadaulo wa makolo, aliyense ali ndi foni, bwanji kulimbana ndi mtembo? N'zoona kuti ntchito zambiri zowerengera osaona zinasamukira pa intaneti, ndipo alendo ambiri amamvera mawailesi akwawo pa foni. Koma amene amanena zimenezi amakhala ndi zaka makumi atatu, maso abwino ndi intaneti yolipiriratu mwezi wonse. Kawailesi ka subcarrier kali ndi batani limodzi. Sikafuna akaunti, sikafuna mawu achinsinsi, sikasintha maonekedwe usiku munthu ali m'tulo, ndipo sikauza aliyense kuti ndani akumvera, nkhani yomwe si yaing'ono kwa munthu amene mapepala ake okhalira m'dziko sanalongosoke. Ndipo foni imafa pa tsiku lomwe ikufunika kwambiri. Namondwe Maria atawomba Puerto Rico mu Seputembala 2017, pafupifupi 95 peresenti ya milongoti ya mafoni inaleka kugwira ntchito, ndipo anthu anabwerera ku wailesi ya mabatire.

Pa nkhani ya machenjezo imeneyi mbiri ya FCC ndi yochititsa manyazi. Namondwe Katrina atamiza New Orleans mu 2005, mzinda womwe unali ndi anthu ambiri oyankhula Chisipanishi ndi Chivietinamu, mabungwe ena kuphatikizapo Minority Media and Telecommunications Council anapempha kuti machenjezo a ngozi aziperekedwa m'ziyankhulo zina. FCC inakhala pa pempholo zaka 11. Mu 2016 inakana kukakamiza aliyense, n'kungolamula kuti mawailesi azipereka malipoti a zomwe akuchita. Khothi la apilo la ku Washington linavomereza zimenezi mu 2017. Chimodzi mwa zovuta zomwe zimatchulidwa nthawi zonse n'chakuti mwini wailesi ya Chingerezi alibe munthu womasulira pa ola la ngozi. Chabwino. Nanga bwanji osalola amene ali ndi omasulira, amene amadziwika ndi kukhulupiridwa ndi anthu awo, kukhala ndi kanjira kawo kotseguka tsiku lililonse? Chenjezo limamveka ngati likuchokera pa wailesi yomwe munthu amatsegula kale m'mawa uliwonse. Wailesi yongoyankhula chiyankhulo chako pa tsiku la chigumula lokha, pa tsikulo sudzaitsegula.

Chotsutsa chachiwiri ndi cha mainjiniya. Amati translator ndi yofooka kale, subcarrier imangotenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya mawu, choncho sidzafika patali, ndiponso idzachepetsa kukweza kwa pulogalamu yaikulu. Za kukwezazi malamulo anaziganizira kale: wailesi ikaika ma subcarrier imaloledwa kupitirira malire a nthawi zonse mpaka pa 110 peresenti, kotero chotayika n'chochepa moti khutu la womvera wamba silichizindikira. Za mtundazo n'zoona, ndipo m'pamene pali ubwino wake. Alendo sakhala momwazikana. Asomali a ku Minneapolis ambiri ali ku Cedar-Riverside, Ahaiti a ku Miami ali ndi Little Haiti, ndipo tauni ya Clarkston ku Georgia, yomwe yalandira othawa nkhondo ochokera m'maiko ambiri, munthu angathe kuidutsa wapansi. Funde lofika makilomita ochepa ndi saizi yeniyeni ya midzi imeneyi. Kufupika kwake ndiko kungatsitse lendi kufika pomwe mpingo, mzikiti kapena bungwe la amayi lingakwanitse.

Chachitatu n'chimene chimandivuta, chifukwa chimachokera kwa anzanga. Amati kumenyera subcarrier ndi kuvomera boyizikota. Chiyankhulo cha munthu chiyenera kumveka pa khomo lakumaso, pa nambala yomwe aliyense angatchere, osati kuseri kofuna kawailesi kapadera. Akunena zoona, ndipo chitsanzo chilipo: KALY ya ku Minneapolis, pa 101.7, wailesi ya Asomali yomwe inayamba mu 2015 pansi pa chilolezo cha LPFM, mawailesi a m'midzi a mawati osapitirira 100 omwe FCC inakhazikitsa mu 2000. Ndikanakonda mtundu uliwonse utakhala ndi KALY yake. Koma khomo la LPFM latsegulidwa katatu kokha: poyambirira paja, mu 2013, ndi mu 2023. Amene anafika mu America mu 2014 anadikira zaka 9 kuti angolemba pempho. M'mizinda ngati New York malo pa FM anatha, ndipo ena mwa malo omwe akanakhala a LPFM ndi omwe ma translator anakhalapo. Lero ma LPFM ali pafupifupi 2,000, ma translator kuwirikiza kanayi. Kuuza gogo wa zaka 75 kuti akane chipinda cha kuseri podikira nyumba yomwe mwina idzagawidwa mu zaka khumi ndi ukhondo wa maganizo womwe amalipira ndi iyeyo, osati ife olemba nkhani.

Ena adzati njira ilipo kale, abwereke HD2 ndi translator monga amachitira ena. Alipodi aulutsi a ziyankhulo zina amene achita zimenezi, makamaka a Chisipanishi ndi a ku India, omwe ali ndi omvera ambiri ndi otsatsa malonda. Koma pamenepo ukulipira alandilodi awiri, ndipo translator mumzinda waukulu imagulidwa pa madola zikwi mazanamazana. Ndi njira ya chiyankhulo chomwe chili kale ndi msika. Chikirundi, Chitigirinya kapena Chidinka sizidzafika pa mzere umenewo.

Chomwe ndikufuna si chachikulu. Pa mndandanda wa ndime 74.1231 pawonjezeredwe chinthu chimodzi: translator iloledwe kuyambitsa pulogalamu pa subcarrier, ngati wobwereka ndi bungwe losachita phindu la m'dera lomwe translator imafika, lowerengera osaona kapena loulutsa m'chiyankhulo chomwe si cha pulogalamu yaikulu. Malire amenewa ndi ofunika. Mukangotsegula kwa aliyense, malowo adzatengedwa ndi makampani otumiza deta, monga zinachitikira pambuyo pa 1983, ndipo tidzakhala tamenyera nkhondo anthu ogulitsa mapu a m'galimoto. Chitetezo cha ndime 73.593 chikuzidwe kuti chikhudze ma translator onse, a malonda ndi osachita malonda, ndipo chitchule ziyankhulo pambali pa osaona. Wobwereka asathamangitsidwe popanda chidziwitso cha miyezi yokwanira kuti omvera ake asinthe timawailesi tawo, ndipo pangano lisafe chifukwa choti translator yagulitsidwa.

Eni mawailesi adzati uku n'kulowerera katundu wa munthu. Funde si katundu wa munthu. Lamulo la Communications Act la 1934 limanena momveka kuti chilolezo chimapereka ufulu wogwiritsa ntchito kwa nthawi yoikika, osati umwini. Kuyambira mu 1996, pamene malire a umwini wa mawailesi m'dziko lonse anachotsedwa ndipo kampani ya Clear Channel inafika pokhala ndi masiteshoni oposa 1,200, udindo wa eni mawailesi kwa anthu a m'dera wakhala ukusungunuka. Mu 2017 FCC inachotsanso lamulo lakuti wailesi ikhale ndi situdiyo m'dera lomwe imatumikira. Munthu amene wamasulidwa ku zonsezi, n'kupatsidwanso nambala yachiwiri pa FM, sangalire kuti walandidwa pamene wapemphedwa kachipinda komwe sagonamo, pa lendi yomwe adzalandira ndithu.

Ndipo choyambirira, chomwe sichifuna kudikira mkangano wa maloya, ndi kuwerenga. Chilolezo cha wailesi ku America chimakhala zaka 8, ndipo pochikonzanso mwini wake amadzaza fomu. Pa fomu ya translator iliyonse pakhale funso lakuti pa 67 kHz ndi pa 92 kHz pali chiyani, ndani akugwiritsa ntchito, m'chiyankhulo chanji, ndipo ngati palibe kanthu, ndani anapemphapo n'kukanizidwa. Mayankhowo aikidwe poyera pomwe bungwe la Asomali, la Ahaiti kapena la osaona lingawaone lisanapite kukagogoda. Funsolo likwana mizere iwiri pa fomu.